Ndodo ya Fenwick FF806 ndi reel ya Pflueger Medalist 1494: zida zakale zomwe zikugwirabe nsomba za trout

Wina akakuonetsani ndodo yowedzera ya faibagalasi (faiba) ya Fenwick FF806 yomwe polumikizira pake sipanang'aluke, pamodzi ndi reel (chokulungira chingwe) ya Pflueger Medalist 1494 yomwe ikuzungulira osakhula m'mbali, pamtengo wosaposa wa ndodo yatsopano ya graphite yapakatikati, gulani. Koma mugule mukudziwa ntchito yake. Zida ziwirizi ndi za nsomba yomwe ili pafupi, mamita 5 mpaka 15 kuchokera pomwe mwaima, pa kamtsinje kapena m'mphepete mwa damu mphepo itagona. Amene akufuna kuponya mamita 25 mphepo ikumuwomba kumaso akhumudwa nazo tsiku loyamba lomwe.

Omwe anazolowera mbedza ya nyongolotsi ayenera kudziwa kaye kusiyana kumodzi. Pa kuwedza kwa fly, nyambo ndi mbedza yovekedwa nthenga ndi ubweya kuti ioneke ngati kachilombo, ndipo payokha ilibe kulemera koti n'kuiponya. Chomwe chimaponyedwa ndi chingwe chokhuthala, nyambo imangotsatira kumapeto. Ndodo ndiyo imapindika polemedwa ndi chingwecho, kenako powongoka n'kuchitumiza kutsogolo. Choncho mapindikidwe a ndodo ndiwo nkhani yonse, ndipo apa m'pamene ndodo ya faibagalasi imasiyana ndi ya graphite.

Kampani ya Fenwick inayambira ku Kent, m'chigawo cha Washington ku America, m'zaka za m'ma 1950. Si iwo anayambitsa ndodo za faiba, poti kampani ya Shakespeare inali itatulutsa kale Wonderod yake yoyera mu 1947. Chomwe chinakweza Fenwick ndi polumikizira. Ndodo za nthawi imeneyo zinkalumikizidwa ndi timapaipi tachitsulo, ndipo pamalo pachitsulopo ndodo inkauma gwa, osapindika. Jim Green, katswiri woponya chingwe yemwe ankawakonzera ndodo, anabweretsa njira yotchedwa Feralite kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960: chigawo cha kunsonga chimavala pamwamba pa chigawo cha kutsinde, faiba pa faiba, popanda chitsulo. Ndodo zambiri za lero zimalumikizidwa motero. Mu 1973 kampani yomweyo inatulutsa ndodo ya graphite yotchedwa HMG, ndipo pasanathe zaka zambiri awedzi anakankhira ndodo zawo za faiba kuseri kwa chitseko. N'chifukwa chake lero zimapezeka zambiri pa kaunjika wa zida zowedzera, zina zisanaoneko madzi kwenikweni.

Nambala yake imadzifotokoza yokha. 80 ndi kutalika, mafiti 8 kapena mamita 2.4, ndipo 6 ndi nambala ya kulemera kwa chingwe choyenera ndodoyo. FF756 ndi ya mafiti 7 ndi theka ya chingwe cha 6, FF857 ndi ya mafiti 8 ndi theka ya chingwe cha 7. Zakale zedi za manambala awiri, monga FF79, sizitsata lamuloli, ndiye muziwerenga zomwe zalembedwa pamwamba pa chogwirira. FF806 ndi ya zigawo ziwiri, yofiirira moderako, ndipo imalemera cha m'ma aunsi atatu, pafupifupi magalamu 90.

Faiba ndi yofewa kuposa graphite, choncho ndodo yake imapindika kuyambira kunsonga mpaka kudutsa pakati, ndipo nsomba ikakhala yaikulu mumaimva ikupindika mpaka m'chikhatho, pansi pa cork yogwirira. Ubwino woyamba wa zimenezi umaoneka pa kamtsinje kothina. Ndodo ya graphite youma imafuna chingwe cha mamita 8 kapena 9 kunja kuti iyambe kugwira ntchito, ndipo nsomba ikakhala pa mamita 5 mumangopukusa dzanja osamva kanthu. FF806 imadzipinda ndi kulemera kwake komwe, kotero ngakhale kunja kuli mamita atatu okha a chingwe, nyambo imakatera pomwe mwayang'ana, mwakachetechete. Ubwino wachiwiri uli pa kuponya kogudubuza chingwe pamadzi osachitumiza kumbuyo, komwe amati roll cast. Pomwe kumbuyo kuli mitengo ndi zitsamba, ngati m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi pa phiri la Zomba, njira ndi yomweyo basi, ndipo ndodo yopindika kwambiri imaichita mosavuta kuposa youma.

Ubwino wachitatu ndiwo waukulu, ngakhale sukambidwa kwambiri. Trout ikalumidwa ndi mbedza imapukusa mutu, imadumpha, imathawa modzidzimutsa. Pakati pa chingwe chokhuthala ndi nyambo pali ulusi wa nayiloni wotchedwa leader, ndipo nsonga yake, tippet, imakhala yopyapyala zedi: 4X ndi mamilimita 0.18, 5X ndi 0.15. Ndodo youma imapereka kugwedezeka konse ku kaulusiko, n'kuduka pa mfundo kapena mbedza n'kung'amba mlomo wa nsomba. Ya faiba imameza kugwedezekako. Mutha kukoka mwamphamvu ndithu, nsomba n'kutopa msanga, ndipo kwa omwe amabwezera nsomba m'madzi zimenezi n'zofunika, chifukwa trout yolimbana nayo nthawi yaitali nthawi zina imakafa itamasulidwa kale. Onjezani kuti faiba imapirira. Nyambo yokhala ndi kamkanda kachitsulo kumutu ikagunda ndodo ya graphite imasiya kabala kosaoneka, ndodo n'kudzathyoka tsiku lina popanda chifukwa chooneka. Ya faiba imangokalika vanishi.

Zoipa zake sizobisika. Ndi yonenepa kutsinde ndiponso yolemera kunsonga, choncho kuponya tsiku lonse mkono umadziwa. Mukaimitsa dzanja mwamphamvu kwambiri nsonga imanjenjemera, chingwe n'kupita mafundemafunde m'malo mowongoka. Mphepo ndiye mdani wake weniweni, chifukwa siithamangitsa chingwe mokwanira kuti chiboole mphepo. Madamu a ku Chelinda pa Nyika ali pamtunda wopitirira mamita 2,000, pamtetete wa udzu wopanda chotchinga, ndipo mphepo ikadzuka kumeneko ndodo ya graphite ya mafiti 9 imaposa FF806 kutali. M'mawa kusanayambe kuwomba, kapena madzulo nsomba zikamadya pamwamba pafupi ndi gombe, Fenwick ndiyo imakoma. Kutalika kwa mafiti 8 kumachepanso kwa omwe amawedza ndi nyambo zomira atatukula ndodo m'mwamba kuti chingwe chisakhudze madzi. Ndipo musaiyese pa nsomba ya tigerfish ya mu Zambezi. Ndodo siithyoka, koma ilibe msana wolowetsera mbedza m'kamwa mwa mafupa okhaokha muja.

Ambiri omwe amati ndodoyi ndi yopanda mphamvu amakhala akuiponya ngati ya graphite. Kaponyedwe kake kali ngati kupeta ndi lichero: mumakweza, n'kudikira kuti zibwerere zokha. Yambani pang'onopang'ono, onjezani liwiro kumapeto, imitsani ndodo itangopitirira khutu, ndiye dikirani mpaka mumve chingwe chikukoka nsonga kumbuyo. Mukafulumira kubwerera kutsogolo chingwe chisanawongoke, mumamva "thwa!" kumbuyo, ndipo nthawi zambiri nyambo imakhala yaduka. Mukakankha mwamphamvu poyambira, nsonga imagwera pansi pa mzere wake, chingwe n'kudzipingasa, ndipo mumapeza timfundo pa leader. Awedzi amanamizira mphepo timfundo timeneti, koma wolakwa ndi dzanja. Kamfundo kamodzi kotere kamachepetsa kwambiri mphamvu ya nayiloni, choncho kamasuleni kapena dulani mumangenso. Musafinye chogwirira. Mukangoimitsa ndodo, masulani zala pang'ono, kunjenjemera kwa nsonga kumatha pompo.

Chingwe ndicho chimasokoneza anthu ambiri, ndipo ndi chinthu chimodzi chomwe simuyenera kugula chakale. Pulasitiki wa chingwe chomwe chakhala pa reel zaka 30 amakhala atauma n'kung'aluka, chimamira komanso chimakhula timphete ta pa ndodo tomwe chimadutsamo. Tayani, gulani chatsopano. Manambala a zingwe anakhazikitsidwa mu 1961 ndi bungwe la opanga zida zowedzera ku America, AFTMA, poyeza kulemera kwa mafiti 30 oyamba: chingwe cha 5 ndi magalamu 9.1, cha 6 ndi 10.4, cha 7 ndi 12. Vuto ndi loti zingwe zambiri za lero amazilemetsa dala ndi theka la nambala kapena kuposa, kuti zipinde ndodo zouma za graphite. Chingwe chotere pa FF806 chimaigonetsa, ndodo n'kumveka ngati yatopa. Funani chomwe chili pa muyezo weniweni. Cortland 444 yakale ija, ya mtundu wa pichesi, ikupangidwabe ndipo imagwirizana ndi ndodozi, komanso ndi yofewa moti imadutsa bwino m'timphete tating'ono ta nthawi imeneyo. Pa mtsinje sankhani DT6F, chosongoka mbali zonse ziwiri ndiponso choyandama, chifukwa chimagudubuzika bwino, ndipo mbali imodzi ikatha mumatembenuza. Pa damu WF6F, cholemera kutsogolo, chimapita patali pang'ono. Ndodo ikakhala yakale kuposa 1961 mupeza zilembo m'malo mwa nambala: HEH ndi pafupifupi DT5, HDH ndi DT6, HCH ndi DT7.

Leader ya mafiti 7 ndi theka imakwana pa kamtsinje, ya mafiti 9 pa damu. Posankha tippet gawani nambala ya mbedza ndi 3: mbedza ya 12 ipite ndi 4X, ya 16 ndi 5X. Ndodoyi imaponya bwino nyambo zotchedwa Adams, Elk Hair Caddis ndi Pheasant Tail za mbedza ya 12 mpaka 16, komanso Walker's Killer ndi Mrs Simpson, zomwe awedzi a ku Nyanga ku Zimbabwe ndi a ku Dullstroom ku South Africa amazidziwa kuyambira kale. Woolly Bugger ya 8 kapena 10 imatheka. Nyambo zazikulu zolemetsedwa ndi mtovu zimailemera, ndipo muyenera kuponya chingwe chikudutsa patali nanu kuti zisakugundeni m'mutu.

Tsopano poyendera ndodo musanalipire, kapena pofunsa zithunzi kwa wogulitsa wa pa msika wa pa intaneti wa eBay. Yambani ndi polumikizira. Yang'anani kukamwa kwa chigawo cha kunsonga pa dzuwa, mukutembenuza pang'onopang'ono. Kamzere koyera koyenda chotalika pansi pa ulusi womangira ndi mng'alu, ndipo ndodo yotere isiyeni, pokhapokha ikhale yotchipa zedi ndipo mukudziwa kumanganso. Mng'alu umenewu umabwera chifukwa choponya ndodo italekera: chigawo chikasuntha pang'ono, mphamvu yonse imagwera pa mlomo wopyapyala uja. Lumikizani, gwedezani ndodo. Mukamva "kwe, kwe" kapena kugogoda m'dzanja, polumikizira patha. Kenako gonekani zigawo ziwirizo pamodzi. Ziyenera kutalika pafupifupi mofanana, ndipo ndodo yonse ikwane mafiti 8. Ikaperewera mainchi awiri kapena atatu, nsonga inathyokapo wina n'kumatanso kamphete ka kunsonga, zomwe mumazindikiranso poona kuti kamphete kotsatira kayandikira kwambiri. Ndodo yotere imawedzabe koma imauma kunsonga, ndiye mtengo utsike.

Timphete tiyeseni ndi thonje. Pititsani kathonje m'kamphete kalikonse, makamaka ka kunsonga ndi koyamba ka kutsinde. Thonje likakodwa, chitsulo chinadyeka n'kukhala ndi kangalande kakuthwa, ndipo kangalande kameneko kamasenda chingwe chatsopano m'masiku ochepa. Kusintha kamphete si ntchito yovuta: ulusi wa nayiloni wa saizi A, kumanga mothinitsa, ndi vanishi wopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira tsiku lathunthu pakati. Ka kunsonga kamachoka mukakatenthetsa pang'ono, masekondi awiri kapena atatu okha, chifukwa moto wambiri umaphika faiba. Vanishi wa pa ulusi akangong'aluka koma kamphete sikakugwedera, ingopakaninso. Cork yakuda ndi litsiro isakuopseni. Sopo, madzi ofunda ndi mswachi wakale zimaibwezeretsa. Yowopsa ndi yomwe ikuzungulira payokha kapena kunyenyeka mukaikanda ndi chikhadabo.

Kusamala polumikizira pa Feralite n'kosavuta, koma n'komwe kumasunga ndodo. Pukutani mbali zonse ziwiri, chifukwa kamchenga kamodzi kamakanda faiba nthawi iliyonse mukalumikiza. Pakani kandulo pang'ono pa chigawo cholowa, mizere iwiri kapena itatu, n'kufafaniza ndi chala. Lowetsani timphete titapatukana pang'ono, kenako potozani mukukankha mpaka tiwongoke. Poponya, yang'ananiponi pakapita ola. Ikakanirira, ikani ndodo kuseri kwa mawondo, dzanja lililonse ligwire chigawo chake pafupi ndi polumikizira, n'kutambasula miyendo. Musagwire timphete pokoka. Langizo la kandulo ndi la faiba pa faiba lokha. Mukagula Wonderod kapena ndodo ina ya timapaipi tachitsulo, pamenepo pamafuna kupukuta ndi spiriti, kulowetsa ndi kutulutsa mowongoka osapotoza. Omwe ali ku Britain apeza kwambiri ndodo za kampani ya Hardy ya ku Alnwick, monga JET ndi Fibalite. Zambiri mwa izo polumikizira zili ndi kandodo kakafupi kolowa mkati mwa chigawo chinacho, ndipo pakati pa zigawo pamayenera kutsala mpata wa mamilimita angapo. Mpatawo si chilema. Zigawo zikakumana, m'pamene pali vuto.

Medalist ndi reel yomwe ndodozi zinakulira nayo limodzi. Inayamba kupangidwa ku Akron, Ohio, cha m'ma 1930, ndipo Shakespeare itagula Pflueger mu 1966 inapitiriza kuipanga, kenako ntchito inasamukira ku Asia. Za ku Akron ndi zomwe zimafunidwa kwambiri, koma pa ntchito ya trout zotsatira zake nazonso zimagwira. 1494 ndi ya mainchi 3 ndi kota m'mimba mwake, pafupifupi masentimita 8.3, yakuda, ya aluminiyamu, yomangidwa ndi ma screw ang'onoang'ono pa timizati tolumikiza mbale ziwiri. Ndi yolemera poyerekeza ndi ma reel a lero, ndipo pa ndodo ya faiba kulemerako ndi mwayi, chifukwa kumakokera kulemera kwa ndodo kubwerera m'dzanja. Mukaika reel yopepuka ya makono pa FF806 nsonga imalendewera, mkono n'kutopa msanga. Yesani poika chala pansi pa cork, chingwe chitadutsa m'timphete: ndodo ikhazikike chala chili cha kumtunda kwa chogwirira.

Buleki yake ndi yachidule. Kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i kamatsamira pa kambale kozungulira komwe kali kuseri kwa spool, gawo lomwe chingwe chimakulungidwapo, ndipo mumathinitsa ndi kagudumu kakang'ono kam'mbali. Pa trout imakwana. Ithinitseni pang'ono chabe, mongoletsa kuti spool isapitirire kuzungulira mukakoka chingwe. Ilibe mkombero wakunja woti n'kutsamiritsapo chikhatho, ndiye nsomba ikathawa mumawonjezera buleki ndi chala pa chingwe kapena mkati mwa spool. Mtima wa spool ndi waung'ono, zomwe zikutanthauza zinthu ziwiri: kukulunga kumachedwa, ndipo chingwe chimatuluka chopotanapotana. Musanayambe kuwedza, tulutsani mamita 15 ndipo muchikoke ndi manja mkono umodziumodzi kuti chiwongoke. Malo nawonso ndi ochepa. DT6 yathunthu imatsala pang'ono kudzaza 1494, osasiya mpata weniweni wa chingwe chopyapyala chapansi, backing. Mungadule DT pakati n'kusunga theka linalo, kapena kuika WF6, kapena kufuna 1494½ yomwe ndi yotambalala, kapena 1495 ya masentimita 9.2. Mukadzaza mopitirira, chingwe chimakhula timizati n'kukanirira nthawi yomwe nsomba ili pambedza. Siyani mpata wokwana pensulo kulowa.

Matenda odziwika a Medalist ndi ma screw. Amamasuka okha, n'kugwera m'udzu, ndipo mano ake ndi a muyezo wa ku America, osati wa mamilimita, moti m'mahadiweya a ku Limbe kapena ku Lilongwe simungayembekeze kuwapeza. Mukangoigula, masulani imodziimodzi, dontheza kadontho ka kyuteksi pa mano, n'kumanganso. Screwdriver ikhale yokwana bwino, chifukwa mitu yake imaphwanyika msanga. Powerenga zithunzi za wogulitsa, werengani ma screw mbali zonse ziwiri ndi a pa phazi lomwe reel imakhalira pa ndodo. Chachiwiri ndi kupindika. Aluminiyamu wake ndi wofewa, ikagwa pa mwala mkombero umalowa mkati, ndipo pozungulitsa mumamva kukhula pamalo amodzimodzi. Kupindika kochepa kumawongoka ndi kamtengo, kwakukulu ayi. Chachitatu ndi dzanja lokulungira. Zakale zedi ndi za dzanja lamanja lokha. Zotsatira zake zimasinthika pochotsa spool n'kutembenuza kambale ka buleki, ndiye ngati mumakulunga ndi lamanzere funsani musanagule. Poyeretsa, chotsani girisi wakale wouma ndi palafini pang'ono, pukutani, dontheza mafuta opepuka, ngati a makina osokera, pa kachitsulo kapakati komwe spool imazungulirapo. Girisi wambiri amangosonkhanitsa mchenga.

Posunga, zinthu zitatu zimawononga zidazi kuposa nsomba. Kuika ndodo m'kathumba kake konyowa n'kutseka m'chubu kumatukusira vanishi ndi kuchititsa dzimbiri timphete, choncho yanikani zonse usiku umodzi. Kusiya m'galimoto yotsekedwa padzuwa kumafewetsa guluu ndi kuwononga chingwe. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amasungunula pulasitiki wa chingwe ndi vanishi, ndiye sambani m'manja mukadzola.

Pa nkhani ya ndalama, chenjerani ndi mtengo wotumizira. Chigawo chilichonse cha FF806 ndi chotalika mamita 1.2, ndipo chubu chake sichilowa m'sutikesi wamba. Kutumiza kuchokera ku America kutha kudya ndalama zofanana ndi mtengo wa ndodo yomwe, msonkho usanawerengedwe. Wachibale wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku London atanyamula chubucho m'manja ndiye njira yotchipa. Amene sakufuna zonsezi angagule faiba yatsopano ya zigawo zitatu kapena zinayi, monga Redington Butter Stick, Orvis Superfine Glass kapena Epic ya ku New Zealand. Zambiri mwa zatsopanozi n'zopepuka ndiponso zimawongoka msanga kuposa Fenwick, koma zabwino zake n'zodula kuposa FF806 yosungidwa bwino. Pa kamtsinje kothina kwambiri FF756 ingakhale yabwino kuposa FF806, ndipo pa damu la nsomba za bass FF857 ndi Medalist 1495 ndiye zoyenera. Wofuna ndodo imodzi yoti igwire ku mtsinje ndi ku damu komwe atenge 806. Musananyamuke kupita ku Nyika kapena ku Zomba, funsani ku ofesi ya paki kapena ya zankhalango za chilolezo ndi miyezi yomwe kuwedza kumaloledwa, ndipo m'thumba muikemo kachidutswa ka kandulo ndi screwdriver yaing'ono.